Ana akamatsegula m'mimba mobwerezabwereza pakhomo pomwe pali nkhosa

Kwa amalume anga, kumudzi wina pakati pa Chipata ndi Chadiza, kunali nkhosa 14 za michira yonona, zomwe eni ake amazikonda ngati ana. Kwa zaka zitatu zotsatizana, mvula yoyamba ikangogwa, adzukulu a pakhomopo ankayamba kutsegula m'mimba. Ankayamba wokwawa, kenako mkulu wake, kenako wina wa nyumba yoyandikana. Ankapita nawo kukiliniki, ankachira, koma pakatha milungu itatu zinkayambiranso. Ambuya ankati ndi mango osapsa. Mayi wa mwana ankati mano akumera. Kukhola kunalibe amene ankalozako chala.

M'mawa wina mu Disembala, mvula itagwa usiku wonse, ndinaima pakhomo la khitchini n'kuona kamtsinje ka madzi ofiirira kakutuluka pansi pa mitengo ya khola. Kanadutsa pansi pa thandala la mbale, kanazungulira mtondo, n'kukathera m'mphepete mwa chitsime chomwe chili kumunsi kwa bwalo. Pamwamba pa madziwo pankayandama timibulu ta ndowe tonga nyemba. Ndinaitana amalume.

"Amalume, taonani kumene madzi a kukhola akuthera."

Anayang'ana, kenako anayang'ana nkhosa zawo. "Iwe mphwanga, nkhosa zanga zadwala liti? Taona mmene zanenepera. Chodwalitsa ana chingachoke mwa chiweto chathanzi chonchi?"

Funso la amalumeli ndilo limasocheretsa mabanja ambiri oweta. Yankho lake ndi lakuti inde, chingachokemo, ndipo nthawi zambiri chimachokera mwa chiweto chomwe sichikuonetsa vuto lililonse.

Chimene chili m'matumbo a nkhosa yathanzi

M'matumbo a nkhosa, mbuzi ndi ng'ombe mumakhala mabakiteriya omwe chiwetocho chimayenda nawo osadwala, koma akalowa mwa munthu amamugoneka. Woopsa kwambiri ndi mtundu wina wa E. coli wotchedwa O157, womwe unadziwika koyamba kuti umadwalitsa anthu mu 1982 ku America, anthu atadya nyama yogaya ya ng'ombe yosapsa bwino. Umatulutsa poizoni wotchedwa Shiga, yemwe amawononga timitsempha ta magazi m'matumbo ndi mu impso za munthu, pomwe nkhosa yaikulu imangodya udzu wake osamva kanthu. Pali Campylobacter, yemwe ali m'gulu la zoyambitsa kutsegula m'mimba zofala kwambiri padziko lonse, ndipo pali Salmonella. Palinso Cryptosporidium, yemwe si bakiteriya koma amayenda njira yomweyo, makamaka kuchokera mwa tiana ta nkhosa ndi ta ng'ombe totsegula m'mimba.

Tizilomboti sitituluka m'ndowe tsiku lililonse mofanana. Nkhosa ikhoza kutitulutsa tambiri sabata ino, sabata yamawa pang'ono, n'chifukwa chake matenda pakhomo amabwera n'kupita ngati alendo. Ndipo O157 safuna kuchuluka: tizilombo tosakwana 100 tikhoza kudwalitsa munthu, pomwe kandowe kochepa komatirira kuchala kakhoza kukhala ndi tochuluka kuposa pamenepo.

Nkhani imene inanditsegula maso ndi ya ku New Deer ku Scotland m'chaka cha 2000. Achinyamata a Scout anamanga misasa pabwalo lomwe pankadya nkhosa, kunagwa mvula yambiri, bwalo linasanduka matope, ndipo anthu 20 anadwala O157. Mtundu womwewo wa kachilomboko unapezeka mwa odwalawo, m'ndowe za nkhosa ndi m'dothi la pabwalopo, ndipo m'dothimo unakhalabe wamoyo kwa milungu 15. Panalibe nkhosa yophedwa kapena yodwala. Panali ndowe, mvula, matope ndi manja. Kuno kum'mwera kwa Africa zinachitikanso mu 1992, chaka cha chilala chomwe akuluakulu athu amachikumbukira ndi chimanga chachikasu. Ku Swaziland, komwe tsopano ndi Eswatini, ng'ombe zinafa zambiri ndi chilalacho, ndipo mvula itabwera inakokolola ndowe ndi zotsalira za nyama zakufa kupita m'mitsinje. Anthu masauzande anatsegula m'mimba mwa magazi, ndipo chinapezeka ndi O157 yemweyu.

Musanafufuze gwero, yang'anani mwana

Kufufuza kudikire, madzi m'thupi la mwana sadikira. Mwana akayamba kutsegula m'mimba mupatseni ORS nthawi yomweyo, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi owiritsa ozizira, pang'onopang'ono ndi supuni kapena kapu, ndipo muonjezere akangochita chimbudzi. Ngati paketi palibe, sungunulani masupuni ang'onoang'ono 6 a shuga osasefukira ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi. Woyamwa apitirize kuyamwa, wodya apitirize kudya phala. Kukiliniki amaperekanso zinki, yemwe mwana amamwa masiku 10 mpaka 14 ngakhale kutsegulako kutasiya.

Musagone naye kunyumba mukaona magazi m'chimbudzi, akamasanza chilichonse, akakana kuyamwa, maso kapena liwombo zikalowa, kapena akafooka mpaka kuvuta kumudzutsa. Thupi likatentha akamuyeze malungo. Chimbudzi chamadzi okhaokha ngati otsukira mpunga, chotuluka mosalekeza, chiganizireni ngati kolera ndipo thamangani.

Pali chinthu chimodzi chokhudza O157 chomwe ndikufuna kholo lililonse loweta lichidziwe, chifukwa chimabwera pomwe aliyense wayamba kupuma. Pakatha pafupifupi sabata kuchokera pomwe kutsegula kunayamba, chimbudzi chitayamba kuuma, ana ena impso zawo zimayamba kulephera. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati zimenezi zikhoza kugwera wodwala mmodzi mwa 10, makamaka ana aang'ono ndi okalamba. Zizindikiro zake n'zachete: mwana akukodza pang'ono kapena thewera likuuma tsiku lonse, m'zikope ndi m'manja mwayera, nkhope kapena mapazi zatupa, akungofuna kugona. Ameneyo ndi wa kuchipatala chachikulu tsiku lomwelo, kaya ndi Chipata Central, St Francis ku Katete, Mwami, kapena cha boma chomwe muli nacho pafupi, komwe angayeze magazi.

Chonde musagule Flagyl, Septrin kapena makapisozi pakantemba mukaona magazi. Kamwazi wambiri kuno amayamba ndi bakiteriya wina wotchedwa Shigella, yemwe amachokera kwa munthu mnzathu osati kwa chiweto, ndipo ameneyo adokotala amamupatsira mankhwala ake oyenera. Koma ngati ndi O157, mankhwala ophera mabakiteriya sathandiza ndipo akhoza kukulitsa ngozi ya impso ija. Mapiritsi oimitsa chimbudzi monga loperamide nawonso si a mwana, ndipo si a aliyense amene akutuluka magazi. Chimene inu mungachite n'kuwauza achipatala zonse: kuti pakhomo pali nkhosa kapena mbuzi, kuti munapha chiweto tsiku lakuti, kuti mumamwa pachitsime chotere, kuti thupi la mwana likutentha kapena ayi. O157 kawirikawiri amabwera ndi kupotokola koopsa m'mimba ndi magazi koma thupi osatentha kwenikweni, ndipo mfundo imeneyi imawathandiza posankha chochita.

Werengani masiku chobwerera

Anthufe timaimba mlandu chakudya cha dzulo. Nthawi zambiri si chimenecho. Salmonella amaonekera msanga, pakati pa maola 6 ndi masiku atatu. Campylobacter amatenga masiku awiri mpaka asanu. O157 amatenga masiku atatu kapena anayi, nthawi zina kupitirira sabata. Choncho mwana akadwala Lachinayi, funsani zimene zinachitika Loweruka ndi Lamlungu lapitalo. Kodi kunagwa mvula yamkuntho? Kunaphedwa chiweto? Munakolopa khola? Nkhosa inabereka?

Tengani kope la sukulu, muzilemba tsiku, amene wadwala ndi zimene zinachitika sabata imeneyo. Kwa amalume zinatitengera miyezi iwiri yokha kuona kuti matenda akutsata mvula yaikulu. Funso lina lothandiza ndi lakuti akudwala ndani. Akamadwala onse, akulu ndi ana, ganizirani madzi kapena chakudya chomwe anadyera pamodzi. Akamadwala wokwawa yekha, yang'anani pansi pomwe amakwawa.

Matenda akamatsata mvula

Apa ndi pomwe mabanja ambiri angapeze vuto lawo. Dikirani mvula, mutuluke ikugwa, mutsate madzi ochokera kukhola ndi maso anu. Khola zambiri timamanga pamtunda kuti ziweto zisagone m'matope, ndipo chitsime timakumba kumunsi chifukwa ndiko madzi ali pafupi. Zonsezi n'zanzeru pazokha, koma zikaphatikizana ndowe zimatsikira m'madzi akumwa.

Chitsime chitalikirane ndi khola komanso chimbudzi mamita 30 kapena kuposerapo, ndipo chisakhale kumunsi kwa izo. Ngati kusamutsa khola sikutheka chaka chino, kumbani ngalande kumtunda kwake kuti madzi amvula asadutsemo, ndi ina kumunsi yolowetsa madzi a ndowe m'dzenje kutali ndi chitsime. Kwezani milomo ya chitsime ndi njerwa kufika m'mawondo, muike chivundikiro, ndipo mutchinge ndi minga kapena mitengo kuti ziweto zisafike. Zimwere m'chomwera chawochawo panja pa mpandawo. Chingwe ndi chidebe chotungira zizipachikidwa, chifukwa chingwe chogona m'matope momwe mwaponda nkhosa chimatsukidwira m'chitsime ulendo uliwonse. Amene mumatunga kudambo kapena pamchenga wa mtsinje m'chilimwe, komwe ziweto za mudzi wonse zimamwera, dziwani kuti madzi amenewo ndi ofunika kuwateteza ngakhale akuoneka oyera ngati a pampopi.

Klorini wa m'botolo, monga Clorin yemwe timagula m'magolosale, amapha E. coli, Campylobacter ndi Salmonella mukathira muyezo wolembedwa pabotolo n'kudikira mphindi 30. Sagwira bwino m'madzi amatope, ndiye yambani mwawasiya adikhe n'kusefa ndi nsalu yoyera. Cryptosporidium yekha ndiye sagonja ndi klorini, amafuna moto. Ngati mukuthira klorini mokhulupirika koma mwana wamng'ono akutsegulabe chamadzimadzi kwa sabata ziwiri, wiritsani madzi ake mpaka abwadamuke kwa mphindi yathunthu. Nkhuni n'zovuta, ndikudziwa, koma madzi a mwana mmodzi ndi ketulo imodzi patsiku.

Madzi abwino amaipanso m'nyumba. Mtsuko wotsegula pakamwa, womwe aliyense amaviikamo chikho ndi dzanja lochokera kukhola, umabweza zonse zomwe munachotsa. Chigubu chapakamwa pang'ono chokhala ndi chotsekera chimathetsa zimenezi.

Akamadwala wokwawa yekha

Nkhosa zikatuluka m'mawa ndi pobwerera madzulo zimadutsa pabwalo, ndipo zimasiya timibulu paliponse. Mwana wa miyezi 9 amaona kambulu kakuda, kozungulira, kokwana bwino m'zala zake, ndipo chilichonse chokwana m'zala chimapita kukamwa. Ndinachotsapo ndekha kambulu kotere mkamwa mwa mdzukulu wa amalume, atakhala pafupi ndi amayi ake omwe ankasenda nthochi.

Sinthani njira ya nkhosa. Chipata cha khola chiyang'ane kutchire, zisadutsenso pakati pa nyumba ndi khitchini. Sesani bwalo zikangotuluka, mwana asanatsitsidwe kumsana, ndipo zinyalalazo zipite kudzenje la manyowa. Mwana akhale pamphasa yakeyake yomwe imayanikidwa padzuwa, osati pa chikopa chosafufutidwa bwino. Nsapato kapena majombo a kukhola azivulidwa panja. Kamwana ka nkhosa kamasiye, komwe timakonda kukagoneka m'khitchini pafupi ndi moto n'kumakamwetsa ndi botolo, kakhale ndi kakhola kake panja, ndipo botolo lake lisasakanikirane ndi ziwiya za anthu. Nkhuku nazonso zili ndi Campylobacter wambiri, choncho zitosi zake musazione mopepuka.

Za kusamba m'manja tonse tinamva, koma taonani mmene timasambira tisanadye nsima. Beseni limodzi limayamba kwa atate, omwe angochoka kotsekera nkhosa, n'kuzungulira mpaka kwa wamng'ono, yemwe amasamba m'madzi a onse. Thiriranani ndi jagi, madzi azigwera m'beseni, ndi sopo kapena phulusa ngati sopo watha. Pachipata cha khola pachikani kachigubu ka madzi ndi sopo wa pachingwe kuti mbusa asambe asanafike pa mbale. Ana abusa amadyera kutchire mango, masuku ndi chimanga chootcha ndi manja omwe agwira ubweya wa kumchira, komwe ndowe zimamatirira kwambiri pa nkhosa zathu za michira yonona.

Mmodzi akadwala amapatsiranso anzake, ndipo ana amapitiriza kutulutsa tizilomboti m'chimbudzi kwa masiku ambiri atachira. Matewera ndi chimbudzi cha mwana zitayidwe m'chimbudzi, wochapa asambe ndi sopo, ndipo amene akutsegula m'mimba asaphikire anzake.

Matenda akabwera pambuyo pa phwando

Khirisimasi, ukwati, maliro, Eid kwa abale athu achisilamu a m'tauni ya Chipata, zonsezi zimagwetsa nkhosa kapena mbuzi. Mnofu wa chiweto chathanzi mkati mwake ndi woyera. Umaipa ndi zinthu ziwiri, chikopa ndi matumbo, ndipo chonyamulira ndi mpeni ndi dzanja la wosenda.

Pachikani nyama pamtengo m'malo moisendera pansi. Posenda, chikopa chizipindikira kunja kuti ubweya usakhudze mnofu, ndipo dzanja logwira chikopa lisagwire nyama. Mpeni wong'ambira chikopa utsukidwe ndi sopo ndi madzi otentha musanapitirize. Musanatumbule, mangani kum'mero ndi kumapeto kwa matumbo ndi kachingwe kuti zam'kati zisatayikire, ndipo ng'ambani mimba mosamala, nsonga ya mpeni itayang'ana kunja. Matumbo akabooka, dulani pomwe paipapo n'kutaya. Kupukuta ndi nsalu kapena kuthira madzi kumangofalitsa.

Chifu ndi matumbo ndi ndiwo zabwino, ndipo palibe chifukwa chozitayira, koma zitsukidwe m'beseni lawolawo, kutali ndi chitsime ndi mjigo, madzi ake n'kuthiridwa m'dzenje. Kawirikawiri ntchito imeneyi imapatsidwa kwa amayi ndi atsikana, omwenso akudula matimati ndi anyezi ndi kuyamwitsa. Wotsuka matumbo asambe mpaka m'zigongono asanagwire china chilichonse. Ana omwe amaunjikana kudikira kachiwindi kootcha apatsidwe kopsa mpaka mkati.

Moto ndiwo umamaliza nkhani. Nyama ikafika madigiri 70 mkati monse tizilomboti timafa, ndipo ndiwo yophika mumphika mpaka kufewa imapitirira pamenepo. Ngozi ili pa michopo yootcha mofulumira, yakuda kunja koma yofiira pafupa, pa nyama yogaya ndi masoseji momwe zakunja zasakanikirana ndi zamkati, komanso pa mbale. Nyama yopsa ikabwerera m'mbale yomwe munali yaiwisi, kapena kabichi ndi matimati odya osaphika akadulidwa pa thabwa lomwelo, moto uja wapita pachabe. Firiji siipha tizilomboti, imangotisunga, ndipo nyama yoyanika kapena yofutsa iyenera kuphikidwabe. Mkaka wa chiweto chilichonse uwiritsidwe.

Kudimba

Manyowa a nkhosa ndi chuma, makamaka feteleza atakwera mtengo chonchi, ndipo sindingauze munthu kuti awataye. Vuto ndi kuchotsa ndowe zaziwisi m'khola lero, mawa n'kuthira pa repu, chainizi ndi matimati omwe athyoledwe mwezi womwewo. Unjikani ndowezo pamulu ndi mapesi ndi udzu, muzinyowetsa pang'ono ndi kutembenuza, mulu utenthe mkati mpaka dzanja kulephera kukhalamo. Kutenthako ndiko kumapha tizilombo. Ngati simungathe kuwotcha mulu motero, thirani ndowe m'nthaka nthawi idakalipo. Lamulo lomwe alimi osagwiritsa feteleza ku America amatsata ndi masiku 120 pakati pa kuthira ndowe zaziwisi ndi kukolola mbewu zokhudza dothi, ndi masiku 90 pa zomwe sizikhudza dothi monga chimanga. Mulu wa manyowa nawonso usakhale kumtunda kwa chitsime cha dimba. Masamba ophika bwino alibe mantha. Zodya zosaphika, kaya ndi zanu kaya mwagula kumsika wa Kapata kapena wa Saturday Market ku Chipata, zitsukidwe ndi madzi omwe mungamwe.

Nkhosa zikamabereka kapena kupoloza

Campylobacter, Salmonella ndi bakiteriya wina wotchedwa Listeria amathanso kupolozetsa nkhosa, ndipo mwana wakufayo, thumba lake ndi madzi otuluka pobereka zimakhala zodzaza ndi tizilombo. Mayi woyembekezera asathandize nkhosa kubereka, asagwire kamwana kongobadwa kumene, ndipo asachape zovala za amene wagwira ntchitoyo, chifukwa matenda ena a pamenepa amachotsa pakati. Wothandiza avale mapepala apulasitiki m'manja ngati magolovesi palibe, akwirire zonse mozama kuti agalu asafukule, ndipo nkhosa yopolozayo ipatulidwe. Zikapoloza ziwiri kapena zitatu motsatizana, itanani a zaziweto a m'dera lanu. Chiweto chofa chokha chisadyedwe ndipo chisatumbulidwe, makamaka chikafa mwadzidzidzi n'kumatuluka magazi m'mphuno kapena kumbuyo, poti chikhoza kukhala ndi matenda oopsa a anthrax, omwe anavutitsa madera angapo a Zambia mu 2023.

Mwachita zonsezi koma zikubwererabe

Amalume atamvetsa nkhaniyi, choyamba chomwe anafuna n'kugula jekeseni wobaya khola lonse. Musataye ndalama zanu. Mankhwala a njoka zam'mimba ndi dibi ndi ofunika pa ntchito zawo, koma sachotsa mabakiteriyawa. Kubaya oxytetracycline nkhosa zosadwala sikuyeretsa matumbo ake, kumangozoloweretsa tizilombo mankhwala, ndipo tsiku lomwe munthu kapena chiweto chidzawafune adzapezeka osagwira. Kugulitsa nkhosa n'kugula mbuzi sikusinthanso kanthu, poti mbuzi ndi ng'ombe zimanyamula zomwezo. Chomwe chimathandiza kukhola n'kuchepetsa chinyezi ndi kuthithikana: denga losadontha, pansi pokwera kapena khola lam'mwamba lomwe ndowe zimagwera pansi, ndi chomwera chotsukidwa kawirikawiri.

Ngati mwakonza madzi, bwalo ndi kaphedwe koma ana akudwalabe, bwererani ku kope lija. Mwina gwero si pakhomo panu: mwana amamwa kusukulu, kwa ambuya ake kapena kudimba. Mwina si ziweto n'komwe, koma chimbudzi chodzaza, chopanda chivundikiro, kapena chomwe chili pafupi ndi chitsime. Pitani kukiliniki mukapemphe wa zaumoyo woona za ukhondo wa m'midzi kuti adzaone chitsime chanu, ndipo ngati n'kotheka atenge madzi akayezedwe. Mwana amene watsegula m'mimba masiku 14 kapena kuposerapo, kapena amene sikelo yake ikutsika pa khadi, akufunika kupimidwa mokwanira, kuphatikizapo za kadyedwe ndi HIV, chifukwa thupi lofooka limagwidwa ndi tizilombo tomwe ena amangotipirira.

Kwa amalume tinayamba ndi ngalande, tsiku lomwe ndinaona madzi a kukhola aja, ndi makasu awiri. Milomo ya chitsime inakwezedwa mu Januwale ndi njerwa zotsala pomanga nkhokwe, ndipo chipata cha khola chinatembenuzidwa kuyang'ana kumunda. Khola lenilenilo linasamuka mu Julayi titakolola, kupita kumunsi kwa chitsime, kuseri kwa nsungwi. Mvula yotsatira mwana mmodzi anatsegulabe m'mimba kamodzi, masiku anayi pambuyo pa ukwati wa kumudzi woyandikana nawo, ndipo amayi ake analemba tsikulo m'kope asanapite naye kukiliniki. Nkhosa zija tsopano zilipo 19.